Mabokosi Awiri pa Fomu

Magetsi athimanso ku Kalingalinga.
Ndayatsa kandulo, ndayala fomu pa sutikesi,
fomu ya digiri yachiwiri, masamba anayi,
yonunkhabe inki ya pa shopu ya a Chulu
amene anandilipiritsa kawiri poti makina anatafuna tsamba.

Tsamba lachitatu lili ndi mabokosi awiri.
Chongani limodzi lokha, akutero.
Lakumanzere: maphunziro a kakhalidwe ka anthu.
Lakumanja: maphunziro a zaupandu.
Pakati pake pali kampata kochepa,
nyerere ikhoza kuwoloka osapumira,
koma ine ndakhalapo masabata atatu.

Masana ndimataipa milandu ku khoti la majisitireti.
Zaka zisanu ndi chimodzi ndikulemba mawu omwewo:
anaba, anathyola, anapezeka ndi katundu.
Zala zanga zimadziwa chilango woweruza asanakhosomole.
Chomwe sizidziwa ndi za dzulo lake,
munthu asanabe anadya chiyani,
anagona pati, anamubweza ndani pageti.

A Dokotala Nyendwa, mu ofesi yawo ya mabuku afumbi
moyang'anana ndi madamu a Goma, anandiuza:
"Ukachonga kumanzere uphunzira komboni yonse,
madzi osefukira a ku Kanyama, lendi, maliro, mizere ya pampopi.
Ukachonga kumanja utsata munthu mmodzi
kuyambira pa loko wothyoka mpaka pachipata cha ndende.
Alipo makalasi amadzulo, alipo a Loweruka,
alipo akutali, ophunzirira pa foni.
Njira ya kafukufuku yekha ndi yotsikako mtengo,
koma umayenda wekha ngati mlonda."
Ndinafunsa za fizi. Anayang'ana pawindo.

Sindinawauze za Msaiwale.
Mlongo wanga wobadwa naye bere limodzi
ali ku Chimbokaila, chino n'chaka chachiwiri.
Anasenda waya wa kopa pa thiransifoma ya ku Mtendere
n'kukagulitsa pasikelo, mtengo wa nsapato za mwana.
Pepala la mlandu wake linatera pa desiki langa.
Ndinalikankhira kwa mnzanga, ndinalowa m'bafa,
ndinatsegula mpopi kuti anthu asamve.

Lamlungu ndinamutengera kapenta ndi sopo.
Ndinamuuza za mabokosi, mawu akudutsa pa waya.
Anaseka, dzino lija lobenthuka likuonekera:
"Iwe Tiferanji, ndalama zonsezo kuti udziwe wakuba?
Ndiphunzire ine, sindilipiritsa.
Koma ukamalemba usayambire pa thiransifoma.
Yambira tsiku lija anatseka fakitale
bambo n'kubwera kunyumba masana, ovololo ili m'manja."
Woyang'anira ndende anagogoda chitsulo. Nthawi yatha.

M'basi yobwerera, kuchokera ku Kamwala,
kondakitala anandibera chenji cha makwacha awiri.
Ndinamuyang'ana, ndinaona milomo youma,
ndipo sindinadziwe kuti iyeyu akalowe bokosi liti.

Fomu ikufunanso mawu mazana asanu:
fotokozani chifukwa chimene mukufunira maphunzirowa.
Ndalemba kuti ndimakonda chilungamo. Ndafufuta.
Ndalemba kuti ndikufuna kukwezedwa pantchito.
Chimenecho ndi choona, koma ndafufutanso.
Mdima unowu sindikuudziwa mwini wake,
kaya ndi ndondomeko ya kampani ya magetsi,
kaya mlongo wa munthu wina
ali pamwamba pa mtengo, pulayala ili kukamwa.

Kandulo yatsala chala chimodzi.
Atseka kulandira Lachisanu, folo koloko.
Makalata awiri ondichitira umboni ndapeza imodzi,
inayo abwana akuti mawa, kuyambira mwezi watha.
Udzudzu ukuwerenga nane tsamba lachitatu.

Ndachonga kumanja,
mwamphamvu, mpaka cholembera kuboola pepala
n'kusiya kadontho pa sutikesi ya mayi.
Ndiye pa mzere woyamba wa mawu mazana asanu aja
ndalemba chaka chimene anatseka fakitale,
ndi mtundu wa ovololo ya bambo.
Atsala mawu mazana anayi ndi makumi asanu ndi anayi.